Ndalama za ku Joni M'chaka cha Mliri

Pa 27 Marichi 2020, dziko la South Africa litalowa m'bindikiro wa masiku 21, ku Malawi kunali kusanapezeke munthu ndi mmodzi yemwe wodwala Covid-19. Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. Koma m'midzi ya ku Mangochi, Machinga, Mzimba ndi Nkhata Bay, mavuto a mliri anali atafika kale kudzera pa foni. Mauthenga ochokera ku Joni ankafanana: abwana ati tikhale kaye kunyumba, shopu yatsekedwa, mwezi uno musayembekezere kanthu.

Nkhani imeneyi inagwa pa nthawi yoipa. Kumapeto kwa Marichi chimanga chimakhala chisanaume bwino m'munda, nkhokwe zili mbee, ngongole za feteleza zikudikira. Mabanja amene anazolowera kuti pakutha pa mwezi foni ilira anayamba kuwerengera za ufa wotsala m'thumba.

Chimene chinachitika m'miyezi yotsatira chimadabwitsa. Akatswiri a zachuma analosera kuti ndalama zotumizidwa kuchokera kunja zigwa kwambiri, koma m'mabuku a mabanki sizinagwe monga ankaopera. Anthu zikwizikwi anabwerera kwawo ali manjamanja, komabe ambiri anatsala n'kupitiriza kutumiza. Kuti izi zimveke, pafunika kuona kumene njira ya ku Joni inachokera, mmene ndalamazo zimayendera, ndiponso amene anasenza mtolo zinthu zitathina.

Njira yakale kuposa dziko

Amalawi anayamba kupita kummwera dziko lisanatchedwe Malawi. Msonkho wa nyumba umene atsamunda anakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kumigodi ndi m'minda ya azungu ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Ena ankalembedwa ndi Wenela kupita kumigodi ya golide, ena ankatengedwa ndi Mthandizi kupita ku Rhodesia, ena ankangonyamuka okha wapansi. Ambiri sanabwerere, ndipo mpaka lero m'mabanja muli mayina a machona amene adzukulu awo ali ku Harare, Bulawayo ndi Johannesburg.

Dziko litalandira ufulu, boma la Kamuzu Banda linasaina pangano la ntchito ndi South Africa mu 1967. Pofika 1973, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko. Gawo lalikulu la malipiro awo linkasungidwa n'kudzaperekedwa atafika kumudzi, motero boma linkapezerapo ndalama zakunja. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankachokera kumigodi. Kamuzu anaimitsa kulemba anthu nthawi yomweyo. Kulembako kunayambiranso mu 1977, pansi pa dzina la TEBA (Theba), koma anthu ake anali ochepa poyerekeza ndi kale.

Chinatseka njira imeneyi chinali mliri wina. Mu 1987 boma la South Africa linakhazikitsa lamulo loletsa alendo okhala ndi kachilombo ka HIV. Malawi inakana zoti anthu ake aziyezedwa magazi asanalembedwe ntchito, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 anthu pafupifupi 13,000 anabwezedwa, ngakhale kuti amene anapezeka ndi kachilomboko anali pafupifupi 200 okha. Ena mwa madala amenewa anakalamba akuyendera ndalama zawo za ku Theba m'maofesi.

Kuyambira pamenepo Mmalawi wopita ku Joni amapita yekha, popanda pangano lililonse lomuteteza. Tsankho la apartheid litatha mu 1994, njira inatseguka kwa aliyense wotha kupeza ya basi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 250,000 anali atachoka m'dziko muno m'zaka khumi za m'mbuyo mwake, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 alionse analowera ku South Africa. Ambiri ndi amuna achinyamata, koma amayi nawonso akuchuluka. Amalowa ndi chidindo cha masiku 30, masikuwo amatha, iwo n'kutsala. Amagwira ntchito zosamalira maluwa ndi kuyeretsa m'nyumba, kugulitsa m'mashopu ku Fordsburg ndi Mayfair, kusoka zovala ku Durban, kutsuka mbale m'malesitilanti a ku Cape Town, kuthyola mphesa m'minda. Chowakoka n'chodziwika: kumayambiriro kwa 2020 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku Malawi anali K35,000 pamwezi, pamene ku South Africa anali R20.76 pa ola limodzi.

Kodi dziko limadaliradi ndalamazi?

Poyang'ana chuma cha dziko lonse, Malawi si dziko lodalira kwambiri ndalama zochokera kwa anthu ake okhala kunja. Zimene zinkalembedwa m'mabuku m'zaka zimenezo zinali pafupifupi madola 200 miliyoni pachaka, zosapitirira 3 pa 100 iliyonse ya chuma chonse. Ku Lesotho zinkaposa 20 pa 100, ndipo ku Nepal ndi ku Tajikistan zinkafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Koma chiwerengero cha dziko lonse chimabisa zambiri. Choyamba, ndalama zambiri sizinkadutsa kubanki. Chachiwiri, sizigawanika mofanana: pali maboma amene sadziwa n'komwe fungo la randi, ndipo pali midzi ina ku Mzimba ndi ku Mangochi kumene n'kovuta kupeza banja lopanda munthu ku Joni. Woyenda m'midzi imeneyi amaona yekha. Nyumba ya njerwa zootcha yofoleredwa ndi malata, sola padenga, njinga yamoto ya kabaza pakhonde, kagolosale pamsewu: ukafunsa, yankho limakhala lakuti mwana ali kunja. Ndalama yomweyo ndi imene imagula feteleza mu Novembala, kulipira fizi mu Januwale, kugula chimanga mu Febuluwale, kutengera wodwala kuchipatala cha mishoni ndi kugula bokosi pamaliro. Imafikanso kwa anthu amene alibe wachibale kunja: mmisiri womanga nyumba, woumba njerwa, waganyu wolima m'munda wa mayi amene mwamuna wake ali ku Durban.

Mliri usanabwere, mbali yaikulu ya chuma chimenechi inkayenda pamsewu. Matransipota, amene amayenda pakati pa Joni ndi kumudzi ndi magalimoto okoka ngolo, ankanyamula mafiriji, matilesi, mawilo a njinga, mabulangete, mafuta ophikira ndi maenvulopu a ndalama, n'kumatula khomo ndi khomo. Ankadutsa Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete, mpaka kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Munthu wopanda mapepala sangatsegule akaunti kubanki mosavuta, koma amamudziwa transipota wa kwawo, amadziwanso kumene makolo ake amakhala. Chikhulupiriro chimenecho ndicho chinali banki yawo.

M'bindikiro ku South Africa

M'bindikiro wa ku South Africa unali umodzi mwa yokhwima kwambiri padziko lonse. Asilikali anatumizidwa m'misewu, malesitilanti ndi mahotela anatsekedwa, ntchito zomanga zinaima, ndipo ogwira ntchito m'nyumba za anthu sankaloledwa kupita kuntchito. Nthambi yoona za ziwerengero ya dzikolo inanena kuti pakati pa Epulo ndi Juni 2020 ntchito 2.2 miliyoni zinatha. Ntchito zoyamba kutha zinali zomwe zija Amalawi ambiri amagwira.

Boma la Cyril Ramaphosa linakonza thandizo, koma linali ndi zipata. Ndalama zothandizira ogwira ntchito amene makampani awo aima zinkadutsa ku thumba la UIF, ndipo munthu wolipidwa pamanja Loweruka lililonse dzina lake silipezeka kumeneko. Thandizo la R350 pamwezi la anthu osowa ntchito poyamba linali la nzika, alendo okhazikika mwalamulo ndi othawa kwawo ovomerezeka. Mu Juni 2020, bungwe la Scalabrini Centre la ku Cape Town litadandaula, khoti linalamula kuti thandizolo lifikenso kwa opempha malo othawirako ndi kwa okhala ndi ziphaso zapadera za anthu a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Amalawi alibe chiphaso chapadera chotero, choncho chigamulocho chinawadutsa pambali.

Moyo wa m'masiku amenewo unali wotere. Anyamata anayi kapena asanu ochokera mudzi umodzi akugona m'kachipinda kamodzi ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu ku Diepsloot, matilesi awiri pansi, kasitovu ka palafini pakona. Mmodzi yekha ndiye akadali pantchito, mwina chifukwa ndi mlonda kapena amagulitsa m'shopu ya zakudya. Malipiro ake akulipira lendi ya onse, thumba la ufa la onse, ndipo kotsalako akugawana kuti aliyense atumizeko kangachepe kwawo. Mwininyumba akugogoda pa 1 mwezi. Kutuluka kukasaka ganyu n'kuika moyo pachiswe, chifukwa wapolisi akakuimitsa safunsa za m'bindikiro zokha, amafunsanso pasipoti, ndipo mapeto ake akhoza kukhala ku Lindela, kumene amasungira alendo oyembekezera kuthamangitsidwa. Mipingo, mizikiti ndi timagulu ta Amalawi tothandizana pamaliro ndi amene ankagawa timaphukusi ta zakudya.

Ngakhale amene anatumiza, ndalama yawo inafika itafooka. Mu Januwale 2020 dola imodzi inkagula pafupifupi R14, koma pofika Epulo inkagula pafupifupi R19, pamene kwacha inali isanasunthe kwenikweni. Randi imene inkapatsa banja ndalama zoposa K50 inatsika kufika cha m'ma K40. Pa R1,000 iliyonse, mayi wa kumudzi anataya ndalama zoposa K10,000 popanda wina kumubera.

Mabasi obwerera

Mu Meyi 2020 mabasi anayamba kubweretsa anthu amene anatopa ndi njala. Ulendo wa masiku angapo kudutsa Zimbabwe ndi Mozambique, anthu atathithikana, unali malo abwino ofalitsira kachilombo. Pachipata cha Mwanza ankawayeza, kenako n'kuwatengera kumalo odikirira zotsatira. Kumapeto kwa mweziwo anthu oposa 400 amene anasungidwa pa Kamuzu Stadium mu Blantyre anathawa zotsatira zisanatuluke, ena polumpha mpanda, akudandaula za kusowa kwa chakudya, madzi ndi zimbudzi zoyenera. Ena mwa iwo anali ndi kachilomboko. Chiwerengero cha odwala m'dziko, chimene chinali cha m'ma 100, chinawirikiza m'masiku ochepa.

Apa ndi pamene dzina la obwera ku Joni linaipa. Munthu amene chaka chapitacho ankalandiridwa ndi nthungululu chifukwa cha katundu amene wabweretsa, tsopano anthu ankamuloza chala ndi kumuthawa pachitsime ndi pamsika. N'zoona kuti obwerera ambiri anapezeka ndi kachilombo, ndipo kuthawa pamalo oyezera kunaika miyoyo ya ena pangozi. Koma n'zoonanso kuti dziko linawalandira lisanakonzeke, komanso kuti m'masabata omwewo andale a mbali zonse ankasonkhanitsa makamu a anthu pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni. M'bindikiro umene boma la Peter Mutharika linafuna kuyambitsa pa 18 Epulo unali utaimitsidwa ndi khoti, pa chifukwa chakuti panalibe dongosolo lothandizira osauka. Monga zinalili mu 1988, mlandu wa matenda unagwera munthu wapaulendo, kungoti ulendo uno womuloza chala anali wakwawo.

Funde lachiwiri la mliri linawawa koposa. Mtundu watsopano wa kachilomboko unapezeka ku South Africa mu Disembala 2020, nthawi imene anthu amabwera kudzadya Khirisimasi ndi kudzaona mbewu kumunda. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pangozi. Sabata yomweyo South Africa inatseka zipata zake zapamtunda mpaka pakati pa Febuluwale, ndipo amene anabwera kutchuthi anatsekeredwa kuno, ntchito zikuwadikira kapena kuwathawa kumeneko.

Wobwerera analibe pogwira. Thandizo la K35,000 pamwezi limene boma linalonjeza linali la anthu a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndipo linachedwa kufika. Mnyamata wobwerera kumudzi ku Mzimba sanali m'kaundula ameneyo. Banja limene linkalandira ndalama linapezeka kuti lataya wotumiza n'kuonjezera pakamwa pena podyetsa. Pamene kafukufuku wa mmene K6.2 biliyoni ya Covid inayendera anaonetsa kuti ndalama zambiri zinathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo, anthu amene anagona pansi pa sitediyamu anali ndi chifukwa chomveka chokwiyira.

Chifukwa chake ziwerengero sizinagwe

Mu Epulo 2020 World Bank inalosera kuti ndalama zotumizidwa kumayiko osauka ndi apakatikati zitsika ndi pafupifupi 20 pa 100, ndipo kummwera kwa Sahara ndi 23 pa 100. Chaka chitatha, bankiyo inapeza kuti zinafika madola 540 biliyoni, kutsika ndi 1.6 pa 100 yokha. Kummwera kwa Sahara zinatsikadi ndi 12.5 pa 100, koma kwenikweni chifukwa cha Nigeria. Mayiko ena onse pamodzi anakwera pang'ono. Ku Zimbabwe, kumene anthu ake amadutsa njira yomweyi ya Beitbridge, ndalama zolembedwa m'mabuku zinakwera kufika pafupifupi madola 1 biliyoni.

Zifukwa zake zilipo zingapo. Chachikulu m'chigawo chino n'chakuti malire atatsekedwa, transipota ndi dalaivala wa basi anasiya kuyenda, ndipo ndalama imene kale inkabisala m'envulopu inayamba kudutsa ku Mukuru, Hello Paisa, Mama Money ndi ena otero, n'kufikira pa Airtel Money kapena Mpamba. Inayamba kuoneka m'mabuku. Choncho kukwera kwina kumene kunalembedwa sikunali ndalama yatsopano, koma yakale imene inangosintha njira. Chifukwa china n'chakuti okhala ku Britain ndi ku America, monga anamwino ndi osamalira okalamba, ntchito zawo sizinaime, ndipo maboma a kumeneko ankathandiza anthu ndi ndalama.

Chifukwa chachitatu sichilembedwa m'malipoti mokwanira. Anthu anatumiza chifukwa anadzimana. Anadya kamodzi patsiku, anasamukira m'chipinda cha anzawo, anagulitsa foni yabwino n'kugula yotchipa, anathyola ndalama imene ankasungira malata, anakongola kwa akatapira. Munthu akamva kuti mayi ake akudwala kapena ana agona ndi njala, safunsa kaye ngati chuma cha South Africa chikukwera kapena kutsika. Zimene akatswiri anazitcha kulimba kwa ndalama zotumizidwa zinalipiridwa ndi mimba za anthu otumizawo.

Pamwamba pa izo panali mtengo wotumizira. Africa ya kummwera kwa Sahara ndi chigawo chodula kwambiri padziko lonse potumiza ndalama, pafupifupi 8 pa 100, ndipo njira ya kuchokera ku South Africa kupita ku Malawi inali m'gulu la zodulitsitsa: World Bank inaiika pa 16 pa 100 potengera onse otumiza, kuphatikizapo mabanki. Makampani a pa foni amatchipirapo, koma cholinga chimene mayiko anagwirizana ku United Nations ndi chakuti pofika 2030 mtengowu ukhale pansi pa 3 pa 100. Kusiyana kumeneku, pa ndalama ya munthu wotsuka mbale, ndi ndowa ya chimanga.

Zimene mliri unasiya poyera

Malire atatsegulidwa mu Okutobala 2020, komanso kachiwiri mu Febuluwale 2021, mabasi anadzadzanso kulowera kummwera, ngakhale kuti tsopano pankafunika chikalata chodula chosonyeza kuti munthu alibe kachilombo. Ambiri mwa amene anabwera akulira anabwerera, chifukwa chimene chinawachotsa kumudzi chinali chikadalipo: minda yochepa, ntchito zosowa, ndi kwacha imene inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Kwacha ikagwa, randi imakoma, ndipo mnyamata wina amagulitsa mbuzi kuti apeze pasipoti.

Anabwerera kudziko limene mtima wake pa alendo unali utaumirapo. Mliri utangoyamba, boma la South Africa linawononga R37 miliyoni kumanga mpanda wa makilomita 40 pa Beitbridge. Nduna ya zachuma Tito Mboweni inanena poyera kuti malesitilanti akadzatsegulidwa azilemba nzika zambiri kuposa alendo. Mu 2021 ku Soweto kunabadwa gulu la Operation Dudula lothamangitsa alendo. Amalawi amene amakumbukira zipolowe za 2008 ndi za ku Durban mu 2015 sankafunika kuwamasulira tanthauzo lake.

Anthu ena amati njira yabwino n'kuletsa achinyamata kupita kunja. Mbiri ikuonetsa kuti zimenezo sizinathekepo: Kamuzu anatseka Wenela, South Africa inatseka Theba, mliri unatseka malire, koma anthu anapitabe. Ena amati boma lingolimbikitsa kutumiza anthu kunja kuti lipeze ndalama zakunja, monga linachitira mu Novembala 2023 pamene achinyamata oposa 200 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Koma nkhani za amayi amene anazunzika m'nyumba za anthu ku Oman zikuonetsa zimene zimachitika munthu akatumizidwa popanda womuyang'anira.

Pakati pa maganizo awiriwa pali ntchito zooneka zimene zikudikira. Zimbabwe ndi Lesotho anakambirana ndi South Africa mpaka anthu awo ena anapeza ziphaso zapadera, ndipo chaka cha 2020 chinaonetsa kuti pepala limenelo likhoza kusiyanitsa wolandira thandizo ndi wogona ndi njala. Malawi ikhoza kukambirana zofananazo. Reserve Bank ndi makampani otumiza ndalama akhoza kutsitsa mtengo ndi kulola anthu kutumiza pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Ofesi za kazembe zikhoza kukhala ndi kaundula wa Amalawi amene ali kumeneko, kuti tsiku la mavuto lisadzawapeze akuwerenga anthu pakhomo la basi. Mtukula Pakhomo ndi mathandizo ena adzidzidzi akhoza kukonzedwa moti azifikira banja la kumudzi limene wotumiza wake wachotsedwa ntchito kunja. Ndipo pa zipata za Mwanza, Dedza ndi Songwe pakufunika malo enieni olandirira anthu pa nthawi ya mliri, okhala ndi madzi, zimbudzi, chakudya ndi zipangizo zoyezera zotulutsa zotsatira tsiku lomwelo.